Nyumba ya mapanelo ku Matawale: ndemanga patadutsa dzinja ziwiri

Nyumba yake ndi ya mamita 6 ndi 8, zipinda ziwiri zogona, balaza, khitchini ndi bafa. Makoma ndi mapanelo a 50mm, malata awiri opaka penti mkati mwake muli thovu loyera louma lija amakutira firiji yatsopano m'katoni. Kampani inabweretsa zonse pa lole imodzi kuchokera ku Blantyre, ndipo amisiri anayi anaimika makoma ndi denga sabata isanathe. Pa liwiro palibe chodandaula.

Koma mtengo umene amakuuzani poyamba si wa nyumba yonse. Ndi wa makoma, denga, zitseko ndi mawindo basi. Silabu, dzenje la zonyansa, mawaya a magetsi, kulumikiza kwa ESCOM ndi Southern Region Water Board, kudutsitsa pulani ku khonsolo ya mzinda wa Zomba, zonsezo n'zanu. Mapanelo amachokera kunja, choncho mtengo wake umatsata dola, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zinthu zotere zinakwera nthawi yomweyo. Ukaphatikiza zonse, kusiyana ndi nyumba ya mabuloko a simenti si kwakukulu monga amanenera otsatsa. Chimene umapulumutsa ndi miyezi ya lendi, malipiro a mlonda, ndi simenti ija imasowa pamalo omanga mwini wake akangotembenuka. Vuto kwa ambiri n'lakuti ife tinazolowera kumanga pang'onopang'ono, chaka chino maziko, chaka chamawa kufika pa windo. Nyumba iyi imafuna ndalama zonse pakamodzi.

Nkhani yonse yagona pa silabu. Njerwa zimakhululuka, mmisiri amawongola ndi matope. Panelo ayi. Silabu ikapendekeka ngakhale sentimita imodzi, mapanelo salowana bwino m'mphepete, ndipo chitseko chimayamba kukhula pansi. Musanathire konkire yesani ndi tepi kuchoka pakona kupita pakona yopingasa nayo. Pa 6 ndi 8 payenera kutuluka mamita 10 ndendende, mbali zonse ziwiri. Silabu ya 100mm pamalo otere imadya konkire wokwana makyubiki mita 4.8, kutanthauza matumba pafupifupi 30 a simenti a 50kg mukasakaniza 1:2:4 (gawo limodzi la simenti, awiri a mchenga, anayi a miyala), osawerengera maziko. Pansi pake thirani mankhwala a chiswe, yalani pulasitiki yakuda, ndipo mapaipi a bafa ndi sinki alowe konkire asanathiridwe. Muziithirira madzi masiku 7. Kuno ku Zomba mvula yochokera kuphiri imathamanga pansi ngati mtsinje, ndiye silabu ikwere masentimita osachepera 30 kuchoka panthaka, ndi ngalande kumtunda kwa poloti.

Cholakwika chachikulu pa nyumba ino chinali pansi pa khoma. Mapanelo amakhala m'kanjira kachitsulo kokhomeredwa pa silabu ndi mabawuti. Silabu inatuluka kunja kwa khoma ndi masentimita 10, yosatsetsereka, ndipo amisiri sanaike silikoni kunsi kwa kanjirako. Madzi otsika pakhoma amaima pamenepo n'kulowa m'nyumba, ndipo dzinja lachiwiri lisanathe mzere wa dzimbiri unali utaoneka kumbali yoyang'ana kuphiri. Kukonza kwake sikovuta: kupala dzimbiri, kupaka penti yoteteza chitsulo, kutseka mpatawo, n'kusema konkire yakunja kuti madzi azitsetsereka. Koma ndi ntchito imene kampani inayenera kuichita tsiku loyamba. Anabwera atayimbiridwa kangapo.

Padenga yang'anani masikuluwu. Lililonse lili ndi kampira kakuda kotseka bowo. Akalimanga mopyola, kampirako kamaphwanyika ndipo pamadontha. Tsiku lomanga likatha, sesani denga, chifukwa tizidutswa tachitsulo totsala poboola timachita dzimbiri n'kuthimbiriritsa penti. Amene anaona zimene namondwe wa Freddy anachita mu Malichi 2023 afunsenso kuti denga lagwidwa ndi chiyani. Nyumbayi ndi yopepuka, imadalira mabawuti a pansi ndi zitsulo zomangira denga ku makoma, osati kulemera kwake.

Kutentha ndiye n'kumene imapambana. Mu Okutobala masana, pamene nyumba ya malata opanda siling'i imakhala ngati uvuni, muno mumapumika bwinobwino. Mu Juni ndi Julayi chiperoni chikagwa, mumafunda msanga. Choipa chake, nyumbayi sipuma. Mukatseka mawindo onse usiku, m'mawa mupeza madontho pa mafelemu ndi m'makona, makamaka kubafa. Pamafunika timabowo ta mpweya kumwamba kwa khoma la bafa ndi khitchini, ndipo pa pulani yawo panalibe.

Za moto tisabisane. Thovu lamkatilo limasungunuka likatentha, ndiye mbaula isayandikire khoma, makala azikolezedwa panja. Mawaya a magetsi adutse m'mapaipi awoawo, asakhudzane ndi thovulo chifukwa limawononga chikopa cha waya pakapita nthawi. Ndipo popeza makoma onse ndi achitsulo, waya wa earth si wongokongoletsa. Wamagetsi ayese musanalowe.

Phokoso limadutsa. Wailesi ya kuchipinda imamveka pabalaza. Msomali sugwira, kabati ya m'khitchini kapena TV imafuna thabwa kapena chitsulo choikiratu pomanga, choncho nenani malo ake msanga. Mwana akamenyetsa njinga pakhoma, chibonkho chake chimakhala mpaka kalekale. Mawindo anabwera opanda zitsulo zotchingira akuba, anaika ndi wowotcherera wa ku Chinamwali.

Pa zisanu ndikupereka zitatu ndi theka. Kwa amene ali ndi poloti ndi ndalama m'manja, ndipo watopa ndi lendi, ndi yoyenera. Musanasaine, auzeni alembe papepala kunenepa kwa malata a panelo. Akhale a 0.4mm kapena kuposa, chifukwa ochepera apo amabonyoka ndi chigongono chomwe.