Nyenyezi ziwiri basi, ndipo zonsezo ndi za mtsikana wa pa desiki yapakona uja

Ndakhala ndikuzengereza kulemba izi, ndimati mtima uyambe wazizira kaye, koma mwezi wathunthu wadutsa ndipo ndikakumbukira za pa 13 October mpaka pano mmimba mumatentha. Nde ndingolemba basi. Amene mukufuna kupita kwa anyamata a ma website a cha ku Ginnery Corner aja, a kachipinda kammwamba amene amadzitcha a digital marketing, werengani kaye kenako muone nokha chochita.

Ine ndimagulitsa zitenje ku Limbe ndipo ndili ndi telala wanga amene amasoka madiresi. Peji yanga ya Facebook inali ndi ma followers 6,000 ndi kanthu, ndipo anthu amenewa ndinawatola mmodzimmodzi kwa zaka, ena amayi akumpingo, ena makasitomala a ku Bangwe, Machinjiri, Ndirande, ena ali ku Joni amanditumizira ndalama kuti ndikapereke chitenje kwa mayi awo kuno. Chimene chinanditopetsa ndi inbox. Munthu kufunsa kuti ndi zingati pa chithunzi chomwe mtengo ndalemba kale, wina kufunsa 11 koloko usiku ngati chobiriwira chija chilipo, mmawa osayankhanso. Ndinati bola ndikhale ndi website, munthu azisankha yekha, alipire pa Airtel Money kapena Mpamba, ine ndingotuma wa kabaza.

Ndinatenga phukusi lawo la K450,000 lija amalitsatsa pa status, la website, domain (dzina la websiteyo pa intaneti) ya chaka chimodzi, kukuza peji ndi kukokera ma followers ku website. Ya boost, yolipira Facebook kuti ionetse positi kwa anthu ambiri, ndi yapadera, imeneyo sakuuzani poyamba, amadzakuuzani mutalipira kale kuti Facebook imadula mu madola nde mukudziwa mmene forex ikuvutira, ndinawonjezera K120,000. Website yake ndi yokongola, pamenepo sindinama.

Sabata yoyamba ma followers anachoka pa 6,000 kufika 11,000, sabata yachiwiri 19,000. Ine chimwemwe chake, mpaka kujambula skirini kutumizira achemwali anga ku Lilongwe kuti mwaona, Mulungu wayankha. Bwana wawo uja amandiimbira pafupifupi tsiku lililonse, ati "anti mwaona mmene ikukwerera? Pofika Tsiku la Anakubala mudzasowa polongedzera katundu." Nde ine kumva choncho ndinakaoda zitenje zina zowonjezera, ndalama yake ndinatenga ku banki mkhonde. Imvani bwino pamenepo, ya banki mkhonde, yobweza ndi chiwongola dzanja amayi anzako akukuyang'ana mmaso.

Chinayamba kundidabwitsa ndi ma like. Kale ndikaponya chitenje chatsopano ma like amakwana 200, makomenti mbweee, wina kutaga mnzake kuti taona ichi cha ku chinkhoswe chija. Pano ndi anthu 19,000 ma like 23. Ndinawafunsa achimwenewo, ati musadandaule anti, algorithm ikuphunzira kaye. Ine za algorithm ndizidziwira kuti, ndinangoti chabwino.

Tsopano pa 13 October. Aliyense wogulitsa zitenje akudziwa kuti masiku awiri atatu lisanafike la 15 ndi Khirisimasi yathu, anthu amagulira mayi awo, apongozi, agogo, ngakhale amene chaka chonse sagula kanthu tsiku limenelo amakumbuka kuti anabadwa. Achimwene aja anandipatsa malangizo, ati positi ya lero musalembe mitengo, mungoika linki, ndipo wina akafunsa mtengo mu komenti musamuuze, muzingoti dinani linki, ndi mmene anthu amapitira ku website. Ndinamvera ngati mwana wa sukulu. Ndinaponya 7 koloko mmawa, ndinatsegula shopu, ndinayala mapepala okutira mphatso, telala ndinamuuza kuti lero kulibe kupita ku nkhomaliro.

Makomenti anabwera ochepa ndipo onse nkhani yake imodzi. "Linki sikutseguka." "Mayi ikungozungulira." "Ingotiuzani mtengo pompano." Ine ndi uchitsiru wanga kumayankhabe kuti dinani linki, dinani linki, ngati wailesi yowonongeka. Mayi wina amene wakhala akundigula zaka zinayi analemba kuti kodi masiku ano mwayamba matama? Imeneyo inandilasa. Cha mma 3 koloko ndinamuona ndi maso angawa akutuluka mu shopu ya mnzanga wa mzere womwewo atanyamula jumbo. Ndinawaimbira achimwene aja kasanu, foni kumangoitana, kenako uthenga woti ali mu meeting. Tsiku lonse oda ya pa website, ziro. Osati imodzi. Ziro.

Mmawa mwake ndinakwera minibasi ya mu Highway, sindinatsegule nkomwe shopu. Ndinawapeza akudya mandasi, anandilandira ndi kumwetulira kwawo kuja, ati anti khalani pansi muone graph. Anatembenuza laputopu kundionetsa mzere wokwera phiri wa ma followers. Ndinati achimwene, ine mzerewu sindingaubweze ku banki mkhonde, ndionetseni anthu amene analowa pa website dzulo. Anayamba kuzungulira, ati Google Analytics imachedwa kuwerenga, ati traffic imafuna kudekha. Mtsikana wina amene anakhala pakona chete nthawi yonseyi anangoti, "bwana, atsegulireni tu aone." Anatsegula monyinyirika. Anthu 41 tsiku lonse, ndipo ambiri mwa iwo anatuluka tsamba lisanamalize nkutseguka komwe. Pa 41 imeneyo mwina 10 ndi ine ndemwe ndi ana anga tikuyesera.

Kenako ndinati nanga 19,000 aja ali kuti. Mtsikana uja anandipempha foni, analowa pamene peji imaonetsa mizinda imene ma followers amakhala, nkundibwezera osanena kanthu. Pamwamba penipeni Dhaka. Kenako Lahore. Kenako mzinda wina woti sindingathe nkuutchula. Blantyre, kwathu kuno kumene kuli shopu, inali pa nambala 4. Ndinatsegula mayina, zithunzi za maluwa, za magalimoto, ena opanda chithunzi nkomwe, zilembo zake zopiringizika zija. Abale mutu unaima. Ndinati achimwene, ku Bangladesh amavala chitenje pa Tsiku la Anakubala? Wa kabaza wanga akafika bwanji ku Pakistan? Yankho lawo mpaka lero limandilira mkhutu, ati "follower ndi follower anti, nambala ikakhala yayikulu anthu amakukhulupirirani." Apo nde ndinayankhula zambiri zoti sindingalembe pano, a ofesi yoyandikana mpaka anasuzumira. Munthu wagula anthu abodza pa intaneti ndi ndalama yanga, osandifunsa, nkumandiimbira madzulo aliwonse kuti ndiziwombera mmanja. Uku nkundidyera masuku pamutu. Ndinafunsa ma risiti a boost ya K120,000 ija, ati ali mu imelo ina, mpaka lero imelo inayo sinapezeke.

Ndikutsika masitepe mtsikana uja ananditsatira, ati mayi pepani, ndipatseni nambala yanu ndikuimbireni ndikaweruka. Ndinamupatsa mokwiya ndithu, ndimati onse ndi amodzi. Koma anaimbadi, 6 koloko, ndi ma units ake, ndipo zimene anandiuza mu mphindi 20 ndi zimene bwana wake anayenera kundiuza tsiku loyamba ndisanatulutse khobidi.

Anandifunsa kuti mayi, makasitomala anu amagula bandulo yanji? Ndinati ambiri ya Facebook ndi WhatsApp yotchipa ija, ngakhale ine ndemwe. Ati basi vuto lalikulu ndi limenelo, bandulo imeneyo imagwira mkati mwa Facebook ndi WhatsApp momwemo, munthu akadina linki yopita kunja foni imafuna data wamba, ngati alibe imangozungulira. Ndinakhala kakasi. Chinthu choti ndimachidziwa bwinobwino pa foni yanga koma sindinachiganizire, ndipo munthu wodzitcha katswiri, wokhala mu Blantyre momwemuno, sanachitchule. Ndipo ngakhale amene anali ndi data, tsamba loyamba anaikapo zithunzi 30 mmene zinachokera mu kamera, chilichonse cholemera ma MB angapo, nde ndani angalole bandulo yake ithere pa kuona zitenje. Za anthu abodza aja anati Facebook sionetsa positi kwa ma followers onse, imayamba yaonetsa ochepa, akaikonda nkuyankhapo ndi pamene imaipititsa kwa ena. Tsono ngati ochepawo ndi a ku Dhaka oti sadziwa nkomwe kuti chitenje nchiyani, positi imafera pomwepo, amayi anga a ku Bangwe osaiona. Ndi chifukwa chake ma like anagwa. Anaseka pang'ono pondiuza kuti pa Instagram bwana wake amaika linki mmunsi mwa chithunzi, pomwe pamenepo linki sidinika, imadinika ya pa bio ndi ya pa story basi.

Usiku womwewo anachepetsa zithunzi zonse, tsamba linayamba kutseguka msanga ngakhale pa kafoni ka mwana wanga. Anaika batani la WhatsApp pansi pa chitenje chilichonse loti munthu akadina uthenga umabwera kwa ine utalemba kale dzina la chitenjecho, ichi chokha ndachikonda kwambiri chifukwa za "chobiriwira chija" zinatha. Anati mitengo muzilemba pa positi pomwepo, musamabise, linki ikhale ya amene akufuna kuona mitundu yonse. Analowa mu ma settings kutseka mayiko aja kuti peji isamaonekenso kumeneko, nambala inayamba kutsika, ndipo ndikuuzeni zoona zinandiwawa kuona ikutsika ngakhale ndimadziwa kuti ndi mizukwa kkkk. Apa ndivomere, nanenso ndinali ndi dyera la nambala. Anthu 13,000 kubwera sabata ziwiri pa peji ya zitenje za ku Limbe, ndikanafunsa. Walira mvula walira matope.

Masiku ogulitsa kwambiri a Tsiku la Anakubala anali atapita kale, pa 15 ndinagulitsa za pa shopu zokha ngati chaka china chilichonse, mwinanso kuchepera. Koma kuyambira pamenepo zinthu zasinthako, ndipo ndi chifukwa chake sindikupereka nyenyezi imodzi. Tinapanga boost ina yaing'ono, ndalama ndinalipira ndikuona ndi maso, mtsikana uja anasankha anthu a mu Blantyre ndi madera ozungulira okha, ina yapadera ya ku Johannesburg. Pano pa website pamalowa anthu 60, tsiku labwino 80, ndipo ndimadziwerengera ndekha pa foni, anandiphunzitsa. Chodabwitsa nchoti ambiri sachokera pa Facebook pamene tinathira ndalama, amachokera pa linki imene ndimaika pa status ya WhatsApp, yaulere. Ndipo amene amamaliza kugula pa website penipeni ndi a kunja, a ku Joni, awiri a ku UK, anthu okhala ndi WiFi amene akufuna kutumizira mayi awo kanthu osavutika ndi kuimba. A konkuno amalowa, amaona, kenako amabwera pa WhatsApp kudzanenerera mtengo monga mwa nthawi zonse, Mmalawi sungamuletse kunenerera. Nde website ikugwira ntchito, koma osati imene anandilonjeza, ndipo osati ya K570,000.

Mayi anandinena za matama uja ndinachita kumuimbira kupepesa, wabweranso, anagula ziwiri.

Bwana uja ndalama anakana kubweza ngakhale theka, ati ntchito inagwiridwa ndipo ma followers anabweradi, ndinawachotsa ndekha. Mxii. Sanapepese olo kamodzi, tikakumana amangoti anti bizinesi ikuyenda? ngati amene anaikonza ndi iyeyo. Chimene chikundipweteka pano ndi ma pasiwedi. Domain ndi hosting (malo amene website imasungidwa pa intaneti) analembetsa pa imelo yake, ine mwini wake ndilibe kiyi wa nyumba yanga, chaka chikatha ndiye kuti ndikagwadenso kwa iye kuti isazime. Ndapempha katatu, mayankho ake ndi mawa, mawa. Ngati mwatsimikiza kupita kumeneko, muuzeni alembetse chilichonse pa imelo yanu muli pomwepo, boost muzilipira mukuona skirini, ndipo tsiku lililonse muzisuzumira mizinda ya ma followers anu. Mukalowa funsani mtsikana wa pakona, dzina sinditchula ndingamuyambitsire mavuto pa ntchito, koma tsiku limene adzatsegule yake ine ndidzakhala woyamba pa mzere.

Zitenje za Anakubala zatsala 34, zili pa website pomwepo mtengo ndatsitsa, ku banki mkhonde ndatsala ndi magawo awiri. Achimwene ngati mukuwerenga, Lachinayi ndikubwera 9 koloko ndipo ndidzakhala pa mpando wa alendo uja mpaka mundilembere ma pasiwedi anga papepala.