Chifanizo cha HMS Powerful patapita miyezi: thupi lapirira, zingwe zagonja, mizinga yachuluka

Nditangogula chifanizo cha sitima yankhondo ya HMS Powerful ndinalemba pano kuti zinthu ziwiri zinandikopa, ukhondo wa penti ndi mmene zingwe za pamilongoti zinakungikira. Kwa amene simunawerenge, chifanizochi nchopanga pamanja, cha sikelo ya 1:200, chotalika masentimita 82. Thupi lake ndi la matabwa, timizinga ndi timipanda ta m'mphepete nta mkuwa, ndipo ndinachigula kwa mdala wina wodziwa ntchitoyi kuno ku Durban. Tsopano chadutsa nyengo yozizira, chadutsanso pafupifupi dzinja lonse la kuno, pamene chinyezi chochokera kunyanja chimalowa mpaka m'kabati. Ndiye zimene zapirira ndi zimene zagonja zaoneka poyera.

Thupi lenileni silinasinthe ngakhale pang'ono. Silinapindike, silinang'ambike, ndipo penti yakuda ya m'mbali ndi yofiira ya pansi ikadali yosalala. Mdalayu anadziwa kuumitsa matabwa ake. Ndipo thupili ndi limene limayamba kulankhula mlendo akalowa m'nyumba, chifukwa aliyense amadabwa ndi kutalika kwake poyerekeza ndi kuwonda kwake: masentimita 82 m'litali, koma m'lifupi osakwana 11. Sitima yeniyeniyo inali yotalika mamita 164, yolemera matani 14,200. Sitima zazikulu zomenyera nkhondo za mtundu wa Majestic, zimene zinkamangidwa m'zaka zomwezo ndipo zinali msana wa asilikali apamadzi a Britain, zinali zazifupi kuposa iyi ndi mamita oposa 30.

Chimene chinachititsa kukula konseku ndi mantha. Dziko la Russia linaika m'madzi sitima yotchedwa Rurik mu 1892, ndipo ku London kunamveka mbiri yoti ndi yaliwiro, yotha kuyenda mtunda wautali osaima, yoti nkhondo itabuka idzasakaza sitima zamalonda za Britain panyanja zonse. Sir William White, mkulu wojambula sitima zankhondo za Britain nthawiyo, anapatsidwa ntchito yokonza sitima yoti ithamangitse Rurik mpaka kuigwira. Anamanga ziwiri zofanana. Terrible inamangidwa ku Clydebank, Powerful ku Barrow-in-Furness, ndipo zonse zinalowa m'madzi mu 1895. Powerful inamalizidwa mu 1897. Rurik itaonedwa bwino, zinapezeka kuti inali yosaopsa monga ankaganizira: inali ndi milongoti ya matanga, mizinga yake yambiri inali m'mbali mosatetezeka mokwanira. Sinakumanepo ndi Powerful pankhondo. Inamira kufupi ndi Ulsan, ku Korea, mu August 1904, asilikali a Japan ataiwononga pankhondo.

Miyezi yonseyi ndakhala ndikupukuta chifanizochi ndi kabulashi kofewa, ndipo amene amapukuta chinthu ndi amene amachidziwa. Pakati ponse pa sitimayi, pamene fumbi limakonda kukhala, palibe mzinga waukulu ngakhale umodzi. Pali machumuni anayi, mapaipi okoka mpweya ambirimbiri ndi maboti. Mizinga ikuluikulu ilipo iwiri yokha, ya mainchesi 9.2, wina kutsogolo wina kumbuyo. Pansi pa machumuniwo panali maboila 48 a mtundu wa Belleville, luso lochokera ku France, momwe madzi amayenda m'mapaipi moto ukuwazungulira. Powerful ndi Terrible ndizo zinali sitima zikuluzikulu zoyamba za asilikali apamadzi a Britain kugwiritsa ntchito maboila otere, ndipo panali mkangano waukulu ngati kunali kwanzeru kutero. Ankapatsa injini mphamvu zokwana mahatchi 25,000, liwiro lake n'kufika ma knot 22, pafupifupi makilomita 41 pa ola. Malasha inkanyamula mpaka matani 3,000. Kunena mosapsatira, iyi inali nkhokwe ya malasha yoyandama imene anaiika mizinga ingapo pamwamba.

Malashawo analinso chishango. Sitimayi inalibe lamba wa chitsulo chochindikala m'mbali mwake. Chimene chinkateteza injini ndi maboila ndi denga lachitsulo lopindika la m'kati, lokhuthala mainchesi 2 mpaka 6, pamodzi ndi zipinda za malasha zimene zinali m'mbali kuti chipolopolo chithere mphamvu mmenemo. Izi pachifanizo sizioneka, koma kuchuluka kwa timabowo tothirira malasha timene mdalayu anaika padeki kumakumbutsa kuti anthu ambiri mwa 894 amene ankagwira ntchito m'sitimayi anali pansi, akutapa malasha ndi fosholo n'kumasonkhezera moto. Majestic, yokhala ndi mizinga inayi ya mainchesi 12, inkafuna anthu osakwana 700. Nchifukwa chake otsutsa ankati Powerful ndi yodula kuiyendetsa koma nkhonya yake ndi yaing'ono, ndipo ine ndikugwirizana nawo. Boma lenilenilo silinamangenso yachitatu. Mtundu wotsatira, wa Diadem, anauchepetsa kufika matani 11,000.

Machumuniwo pachifanizo akadali owongoka, ngakhale utoto wake wachikasu wazilala pang'ono mbali imene inkayang'ana kuzenera. Ndinachisuntha, ndipo kuzilalako kwaima.

Zimene zagonja ndi zingwe. Mdalayu anagwiritsa ntchito ulusi wa thonje wopaka phula, ndipo nyengo yozizira yonse unali gwa. Mvula itayamba, ulusiwo unayamba kumwa chinyezi ndi kuuma, kumwa ndi kuuma, mpaka zingwe zazitali zochokera pamlongoti wakutsogolo kupita wakumbuyo zinalendewera. Zina zogwira machumuni zinamasuka pamene guluu anatha mphamvu. Sitima yankhondo ya zingwe zolendewera imaoneka ngati yotayidwa, ndipo Powerful inali ndi milongoti iwiri yaitali yokhala ndi timisanja ta mfuti, choncho cholakwika chilichonse pamwambapo diso limachipeza msanga. Nditamufotokozera wopangayo, anati kunyumba kwake zifanizo zimakhala m'magalasi otseka, ndipo sanaganize kuti wina angachiike pashelefu poyera. Anabwera ndi ulusi wa nayiloni wotanuka n'kusintha zingwe zazitalizo osandilipiritsa. Zatsopanozi sizinasunthe, koma zimanyezimira pang'ono pakakhala kuwala, pomwe zathonje zinkaoneka ngati zingwe zenizeni. Zazifupi zimene sanasinthe zikupitiriza kufooka.

Mkuwa nawo wayamba kulankhula. Timipanda ta m'mphepete, pamene penti inali yopyapyala, tachita mawanga obiriwira, makamaka pamene zala zinagwirapo. Mchere wa mumpweya wa kuno susiya chitsulo chilichonse pamtendere. Kutsogolo, pafupi ndi anangula, timatabwa tiwiri ta deki tatukuka m'mphepete, ndipo pansi pa boti lina ndinapeza kachuku koyera. Izi zonse nzokonzeka, koma zikanapewedwa ndi vanishi wina wowonjezera.

Nkhani yaikulu kuposa zonsezi ndi ya mizinga ya m'mbali. Kachikwangwani kamkuwa ka pachifanizo kalembedwa kuti "HMS Powerful 1899", ndipo penti yake ndi ya nthawi ya Mfumukazi Victoria: thupi lakuda, nyumba zapamwamba zoyera, machumuni ndi milongoti zachikasu. Koma mukawerenga mizinga ya mainchesi 6 mupeza 16, isanu ndi itatu mbali iliyonse. Mu 1899 sitimayi inali nayo 12. Inayi yowonjezerayo inaikidwa pokonzanso sitimayi pambuyo pa 1902, pamene anamanga tizipinda tina tachitsulo tokhalamo mizinga pamwamba pa timene tinalipo kale pakati pa sitimayo, poyankha dandaulo lija loti ndi yaikulu koma yopanda mano. Nthawi yomweyo ndi imene asilikali apamadzi a Britain ankasiya penti yakuda ndi yachikasu n'kuyamba yotuwa. Ndiye chimene chili pashelefu panga ndi sitima ya zaka ziwiri zosiyana, thupi la pambuyo pa kukonzedwa litavala zovala za 1899. Zikuoneka kuti mdalayu anatenga mapulani a nthawi ina ndi zithunzi za nthawi ina. Mlendo wamba sangaone, koma ukangodziwa, diso limathamangira pomwepo tsiku lililonse.

Ndipo 1899 si chaka choti munthu nkuchisewera nacho pa sitima iyi, chifukwa mbiri yake yonse yagona pamenepo. Powerful inkachokera ku China kubwerera kwawo, Kaputeni Hedworth Lambton akuiyendetsa, pamene nkhondo ya Mabunu ndi Angelezi inabuka mu October. Ku Ladysmith, tauni ya ku Natal, mkulu wa asilikali a Britain kumeneko, Sir George White, anapeza kuti mizinga yake siifika kumene mzinga wa Mabunu wotchedwa Long Tom, wa mamilimita 155 wopangidwa ku Creusot, ku France, unkawombera uli phee. Anapempha thandizo kwa asilikali apamadzi. Percy Scott, kaputeni wa Terrible, yemwe panthawiyo anali ku Simon's Town, doko la kufupi ndi Cape Town, anakonza m'masiku ochepa njira yoimikira mizinga yapanyanja pamtunda: ya mainchesi 4.7 pa mitanda ya matabwa akuluakulu omangidwa ndi mabawuti, ing'onoing'ono ya mapaundi 12 pa mawilo a ngolo. Powerful inabweretsa mizingayo kuno ku Durban, Lambton ndi amalinyero ake pafupifupi 280 anaikweza pa sitima yapamtunda, n'kufika ku Ladysmith pa 30 October nkhondo ili m'kati. Pa 2 November njanji inadulidwa ndipo tauniyo inazingidwa masiku 118, mpaka pa 28 February 1900. Mmodzi mwa oyamba kuphedwa anali Frederick Egerton, ofisala wa mizinga wa Powerful. Ambiri m'tauniyo, asilikali ndi anthu wamba, akuda, amwenye ndi azungu, sanafe ndi zipolopolo koma ndi matenda a taifodi ndi kamwazi.

Chimene chimandiseketsa ndikayang'ana chifanizochi ndi choti mizinga iwiri imene inatchukitsa dzina la sitimayi mulibe mmenemo, ndipo wopangayo sanalakwe kusaiika. Powerful inalibe mzinga wa mainchesi 4.7 pa zida zake zokhazikika. Inangoinyamula ngati katundu. Sitima imene anaimanga kuti ithamange panyanja zakuya inapeza ulemu wake pa mapiri a ku Natal, kutali ndi madzi, ng'ombe zikukoka mizinga. Amalinyerowo atabwerera mu 1900 analandiridwa ndi Mfumukazi Victoria ku Windsor, anaguba m'misewu ya London, ndipo mpikisano wa asilikali apamadzi wothamanga ndi mzinga n'kuumasula ndi kuumanganso, umene unkachitika pa chionetsero cha asilikali cha Royal Tournament ku London mpaka 1999, unachokera pa nkhani imeneyi. Scott naye anaikidwa kuyang'anira chitetezo cha Durban, amuna a Terrible anapita ndi mkulu wa asilikali Redvers Buller kukamasula Ladysmith, kenako sitima yawo inapitirira ku China pa nkhondo ya ma Boxer, gulu la anthu a kumeneko limene linaukira alendo, mu 1900.

Zaka zotsatira zinali zabata. Kuyambira 1905 Powerful inali sitima ya mkulu wa asilikali apamadzi a Britain ku Australia, ikukhala ku Sydney kwa zaka zingapo. Itabwerera inasanduka sukulu yoyandama ya anyamata ophunzira ntchito yapanyanja ku Devonport, ku England, mu 1919 inapatsidwa dzina loti Impregnable, ndipo mu 1929 inagulitsidwa kuti ikaphwasulidwe. Terrible inanyamulako asilikali kupita ku nkhondo ya ku Dardanelles, ku Turkey, mu 1915 ndipo inaphwasulidwa itagulitsidwa mu 1932. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, pamene sitima zina zakale kuposa iyo zinkalondera panyanja, Powerful inali itamangidwa padoko. Malasha ndi anthu amene inkafuna zinali zambiri kuposa phindu lake.

Tsopano chifanizochi chili m'bokosi lagalasi limene kalipentala wina anandipangira, muli timapaketi tomwa chinyezi timene ndimatiumitsa mu uvuni tikanyowa. Chiikireni mmenemo, mawanga obiriwira sanawonjezeke ndipo fumbi latha. Amene mukukhala m'mphepete mwa nyanja, kaya kuno, ku Beira kapena ku Cape Town, mtengo wa bokosi muuwerengere limodzi ndi wa chifanizo musanatulutse ndalama, ndipo mufunse ulusi umene wagwiritsidwa ntchito. Mufunsenso chaka chimene chifanizocho chikuimira, kenako muwerenge nokha mizinga. Kodi ndingagulenso kwa mdala yemweyu? Inde, chifukwa thupi ndi limene silikonzeka likalakwika, ndipo iye thupi amalidziwa. Koma ndingagwirizane naye za chaka ndi mapulani asanayambe kusema.

Za mizinga inayi ija takambirana. Iye akufuna tingopenta sitima yonse utoto wotuwa n'kusintha kachikwangwani kuti kanene za ku Sydney, chifukwa ndi ntchito ya masiku ochepa ndipo thupi silikhudzidwa. Ine ndakana. Ndikufuna sitima imene inaima padoko la mzinda uno ikutsitsa mizinga ya ku Ladysmith, choncho tizipinda tinayi tapamwambato tichotsedwa, mabowo atsekedwe, m'mbalimo mupentedwenso. Wandichenjeza kuti penti yakuda yatsopano singafanane ndendende ndi yakale, ndipo mwina adzafunika kupenta mbali zonse ziwiri kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Tagwirizana kuti ayambe mvula ikatha, mpweya ukauma.