Mano oikirira, bridge kapena implant: yambani mwaona zotsala m'kamwa

Munthu akazulitsa mano, njira zotsekera gweru zilipo zitatu: mano oikirira ovula ndi kuvala, bridge (dzino lochita kupanga lomatidwa pa mano oyandikana nalo), ndi implant (dzino lochita kupanga lokhala pa kachitsulo kolowetsedwa m'fupa). Ambirife timathamangira kufunsa mtengo. Ine ndikuti yambani mwadziwa zimene zatsala m'kamwamo: mano angati, ali pati, ndi olimba bwanji, komanso fupa la nsagwada lakhala motani.

Mano oikirira ndi amene ambiri kuno kwathu tingawakwanitse. Dokotala amakulumitsani phala lofewa kuti atenge chikombole cha m'kamwa mwanu, mmisiri n'kuumba mano a pulasitiki okhala pa usinini wochita kupanga. Safuna opaleshoni. Ngati mano ena alipo, oikirirawo amakoleka pa iwo ndi timawaya, ndipo dzino lina likadzazulidwa mtsogolo amangowonjezera pa omwewo. Pamenepa palibe njira ina yowaposa.

Koma masabata oyamba ndi owawa, asakunamizeni. Malovu amachuluka, mawu ena amatuluka ndi kalikhweru, ndipo pena usinini umachita tizilonda. Musawapale nokha ndi mpeni, bwererani kwa dokotala akasalaze pamene pakukhulapo. Kadyedwe nakonso kamasintha. Mukaluma mondokwa wootcha ndi mano akutsogolo, akumwambawo amamasuka chakumbuyo n'kugwera pa lilime. Konolani ndi zala, nzimbe muzisenda ndi mpeni n'kuidula tizidutswa, ndipo muzitafunira mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Usiku avuleni, agone m'kapu ya madzi ozizira, chifukwa otentha amawapinditsa. Kugona nawo kumafiiritsa usinini ndi mafangasi. Powatsuka tcherani beseni la madzi pansi pake, poti akagwera pa simenti amasweka.

Chimene ambiri sauzidwa n'chakuti akumwamba ndi akumunsi si amodzi. Akumwamba amamatirira kudenga la m'kamwa, amagwira ndithu. Akumunsi, ngati mano onse anatha, amangokhala pa kamzere ka usinini, uku lilime likuwakankha, uku masaya akuwasuntha. Komanso fupa lomwe lataya mano limafota, kwambiri miyezi yoyamba, kenako pang'onopang'ono moyo wonse. N'chifukwa chake mano amene ankagwira bwino amayamba kugwedera, amafunika kuwonjezera pulasitiki mkati, ndipo pakapita zaka 5 mpaka 10 ambiri amapangitsa atsopano.

Bridge savulidwa. Amamatidwa pa mano awiri oyandikana ndi gwerulo, ndipo mumatafuna ngati ndi anu. Vuto lake ndi loti mano awiriwo amayamba asemedwa kuti chisoti cha bridge chowavindikira chilowe, ndipo dzino losemedwa silibwerera mwakale. Ngati anali obooka kale kapena omatidwa kwambiri, palibe chotaya. Ngati ndi abwinobwino, ine ndimaona kuti n'kuwononga awiri pofuna kupeza limodzi. Gweru likakhala kumapeto, kopanda dzino kumbuyo kwake, bridge wamba alibe pogwira.

Implant ndi kasikuluwu ka chitsulo cha titanium kolowetsedwa m'fupa kuti kakhale muzu. Njirayi anaiyambitsa Per-Ingvar Brånemark wa ku Sweden, amene anaika woyamba mwa munthu mu 1965 ku Gothenburg. Fupa limagwirana ndi chitsulocho pa miyezi 3 mpaka 6, kenako amaikapo dzino. Mano oyandikana sakhudzidwa, fupa la pamenepo silifota msanga, ndipo kutafuna kwake kumayandikira kwa dzino lobadwa nalo. Pa dzino limodzi losowa pakati pa mano abwino, iyi ndiye njira yopambana. Koma dzino limodzilo likhoza kudya ndalama zoposa mano oikirira a m'kamwa monse, ndipo kwa osuta fodya ndi odwala shuga yemwe sakutsika, chitsulo chimakanika kugwira kawirikawiri kuposa kwa ena.

Palinso nkhani ya woisamalira. Madokotala a mano ku Malawi ndi ochepa kwambiri. Maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anayamba mu 2019 ku College of Medicine, yomwe tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow. Choncho abale amene muli ku Johannesburg kapena ku London ndipo mukufuna kuikitsa implant komweko, funsani kaye amene adzaikonze ikadzamasuka muli kumudzi. Mano oikirira akathyoka, mmisiri amawalumikiza mosavuta.

Kwa amene mano akumunsi anatha onse, pali njira yapakati imene ndimaikonda: ma implant awiri okha kutsogolo kwa nsagwada, mano oikirira n'kumakoleka pamenepo. Amavulidwabe usiku, koma savina podya nyama. Ndipo ngati mano awiri osongoka aja akumunsi akadali olimba, musalole kuti azulidwe pofuna kungoyeretsa m'kamwa. Mizu yake ndi yaitali, imasunga fupa, ndipo oikirira akakoleka pa iwo amagwira bwino popanda kulipira chitsulo chilichonse.