Tarball kapena git ya eni ake: mungasunge bwanji phukusi la Debian?

Anzanga omanga maphukusi a Debian (mtundu wina wa Linux) kuno ku Blantyre, pali njira zitatu zosungira phukusi mu git, chida chosunga mbiri ya kusintha kwa khodi, ndipo ndaziyesapo zonse pa kompyuta yanga ku Chilomoni, ndi bandulo yogula ndekha.

Yopepuka kwambiri ndi yosunga foda ya debian/ yokha, ya malangizo omangira phukusi, popanda khodi ya eni pulogalamu. A Fedora, mtundu winanso wa Linux, amachita zofanana ndi zimenezi mu dist-git yawo: mu git mumangokhala fayilo ya malangizo yotchedwa spec, zigamba (zosintha zanu pa khodi ya eni ake), ndi kafayilo ka sources kosunga sha512, chizindikiro chotsimikizira tarball (fayilo imodzi yomwe eni ake amamangamo khodi yonse ya vesheni), pomwe tarball yeniyeniyo imakhala pa seva ina. Bandulo simva kuwawa. Koma tsiku lomwe chigamba chanu chakana kulowa pa vesheni yatsopano, mulibe mbiri yoti muone chomwe eni ake anasintha. Ndinaisiya msanga.

Yachiwiri ndiyo mumaiona kwambiri pa Salsa, seva ya git ya Debian, ndipo ndi ya chida cha git-buildpackage (gbp). Mukalemba gbp import-orig --uscan, imawerenga debian/watch, nkukoka tarball yatsopano, nkuiika pa nthambi ya upstream, yosunga khodi ya eni ake. Pristine-tar imasunga kachidutswa kakang'ono koti tarball ija idzapangidwenso ndendende. Ngati muli mafayilo osaloledwa ndi malamulo a Debian, mumawalemba pa Files-Excluded mu debian/copyright, amachotsedwa, vesheni nkulandira +dfsg kumapeto. Zigamba za quilt (chida chosanjira zigamba) mumazisandutsa ma commit, kutanthauza zosintha zolembedwa mu mbiri ya git, ndi gbp pq import, mukamaliza nkuzibweza ndi export. Ndi yaudongo ndithu. Chondidandaulitsa nchakuti ntchito ya miyezi isanu ndi umodzi ya anthu ambiri imalowa ngati commit imodzi, ndiye git blame, yosonyeza amene anasintha mzere uliwonse, imangoloza inu amene munakoka. Komanso vesheni iliyonse mumakokanso tarball yonse.

Yachitatu ndi kumangira pa mbiri ya git ya eni akewo, nkumalumikiza tag yawo (chizindikiro cha vesheni mu git) ku nthambi yanu ya debian/latest monga amanenera malangizo a Debian a DEP-14. Apa zida za dgit ya Ian Jackson ndi git-debrebase zimakhala bwino, chifukwa zigamba zimakhala zolowa kale mu khodi. Kukoka koyamba kumapweteka. Ine ndinadikira bandulo ya usiku, magetsi nkuthima ndili pakati, ndinayambiranso. Koma kuchokera pamenepo git fetch imangobweretsa zatsopano zokha. Vuto likabuka, git bisect imakupezerani commit yolakwa, ndipo eni ake akakonza mumangotola commit yokonzayo ndi git cherry-pick.

Chomwe chinandigwedeza mtima ndi nkhani ya xz, pulogalamu yofinya mafayilo, ya mu Malichi 2024. Katswiri wa mapulogalamu Andres Freund atapeza khomo lobisika lolowera akuba mu vesheni 5.6.0 ndi 5.6.1, zinadziwika kuti fayilo ya build-to-host.m4 yoyambitsa chipongwecho inali mu tarball mokha, mu git munalibe. Wokhulupirira tarball osaiyerekeza ndi tag sakanaona kanthu.

Sindikuti tarball titaye. Eni ambiri amasainira tarball ndi GPG potsimikizira kuti ndi yawo, ndipo ena git yawo siyosamalika. Nchifukwa chake lero ndimaphatikiza ziwiri zomalizazi: ndimakoka git ya eni ake, kenako gbp import-orig ndi --upstream-vcs-tag. Tarball imakhala pamwamba pa tag yawo, ndiye chilichonse chomwe chili mu tarball koma mu git mulibe chimaonekera poyera mu commit imodzi. Commit imeneyo ndimaiwerenga mzere ndi mzere ndisanamange phukusi.