Kalabu ya Loweruka ya ana kwathu ku Chilobwe

Mwana wanga wamkazi wa Sitandade 6 watha teremu yonse akupita ku kalabu ya ana yomwe imakumana Loweruka m'mawa pasukulu ina ya pulayimale kuno ku Chilobwe. Amayendetsa ndi mayi wina, mphunzitsi wopuma pantchito, mothandizana ndi anyamata awiri a m'dera lomwe lino. Timalipira K5,000 pa teremu, ya makope, choko ndi thobwa la ana. Amayi anzanga pamsika akhala akundifunsa ngati ndalamayi ikupita pabwino, ndiye ndati ndilembe zomwe ndaona.

Ndinkayesa ndi makalasi owonjezera wamba. Sabata yachiwiri anawo anatengedwa kukayenda m'mbali mwa ngalande, aliyense kope m'manja, kulemba zomwe zatseka madzi: majumbo, mabotolo, matewera otayidwa, nsapato zakutha. Ife a ku Chilobwe sitichita kuuzidwa zomwe madzi amachita. M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy anatsitsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, tinaika m'manda anthu omwe tinkapatsana nawo moto. Mwana wanga mpaka lero mvula ikalimba usiku amabwera kudzagona pafupi nane.

Atabwerera m'kalasi, aphunzitsi aja anafunsa kuti ngalandeyo ndi ya ndani. Ana onse anati ndi ya boma. Anawafunsanso kuti nanga bomalo ndi ndani, ndipo mpomwe phunziro linayambira. Madzulo ake ndikupeta mpunga, mwanayu anandifotokozera kuti phungu ntchito yake yaikulu ndi kupanga malamulo ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, pomwe nkhani za zinyalala ndi ngalande n'za khonsolo ya mzinda, komwe amatiimira ndi khansala. Ine ndinaponya mavoti atatu pa 16 Seputembala 2025, koma palibe anandilongosolerapo kusiyanako momveka chonchi. Anawo analemba kalata yopita kwa khansala, nayamba adutsira nayo kwa amfumu monga mwa ulemu wake.

Chomwe chinandigwira mtima kwambiri ndi chisankho chawo. Mtsogoleri wa kalabu amasankha okha, mwachinsinsi, timapepala akuponya m'katoni ya sopo, kuwerenga onse akuona. Wanga anaima nawo, anagonja ndi mavoti awiri. Anafika kunyumba maso ali psuu, nsima sanadye. Loweruka linalo anadzuka yekha, nakakhala mlembi wa mnzake yemwe anapambanayo, ndipo ndiye amaitana maina mpaka pano.

Zondidandaulitsa zilipo. Tsiku lotola zinyalala ana anagwira ndi manja opanda magolovesi, mnyamata wina anadzicheka ndi botolo losweka. Izi sizoyenera, ndipo ndinawauza aphunzitsi aja pamaso. Anapepesa ndipo anavomera kuti analakwitsa. Nthawi nayo sasunga: amati 8 koloko koma amayamba cha m'ma 9. Mapepala ena omwe amagawa ndi a Chingerezi chokhachokha, ana a Sitandade 4 amangowapinda n'kuika m'thumba.

Teremu ikubwerayi ndilipiranso, ndipo makolo asanu tasonkherana kugula magolovesi. Mvula ikayamba akukabzala mitengo m'munsi mwa phiri. Kuseri kwa nyumba yathu kuli mbande khumi ndi ziwiri m'timachubu, mwana wanga amazithirira ndi madzi otsukira mpunga asanapite kusukulu.