Fokker Dr.I, Sopwith Camel kapena Eindecker: yoyamba kumanga ikhale iti?

Munthu akangoyamba kumanga tindege ta pulasitiki ta nthawi ya nkhondo yoyamba yapadziko lonse, maso ake amathamangira kuwerenga mapiko. Akaona Fokker Eindecker pabokosi amati yosavuta ndi imeneyi, mapiko ake ndi a mzere umodzi. Sopwith Camel, yosanjikiza mapiko pawiri, amaiika pakatikati. Fokker Dr.I, yosanjikiza patatu, amaidutsa ndi mantha. Anzanga, mawerengedwe amenewa ndi amene amasiyitsa anthu ntchito ili pakati. Chovuta pa ndege zakalezi ndi mawaya ndi timizati togwira mapiko, ndipo mukawerenga zimenezo mndandanda uja umatembenuka: ya mapiko atatu ndiyo yosavuta kuposa zinzake.

Tiyambe ndi Eindecker, poti ndi imene imanyenga kwambiri. Ndege imeneyi idatchuka mu 1915 chifukwa cha makina amene ankalola mfuti kuwombera kupyola pa pulopela osaiphwanya, ndipo oyendetsa ndege a ku Germany Max Immelmann ndi Oswald Boelcke adadziwika akuuluka nayo. Koma mapiko ake adalibe tizitseko tokhotetsera ndege. Woyendetsa akafuna kupendekera, mawaya ankapotola phiko lonse. Ndiye pali mawaya ochokera pa kansanja kamene kali kutsogolo kwa woyendetsa kupita pamwamba pa mapiko, palinso ena ochokera kumiyendo kupita pansi pa mapiko omwewo, ndipo onse ali poyera, palibe phiko lina lowabisa. Limodzi likalendewera diso limafikira pomwepo. Onjezani chivundikiro cha injini cha aluminiyamu chokhala ndi timizere topotana, chimene kuchitsanzira ndi burashi kumafuna dzanja lozolowera. Kampani ya Airfix idatulutsa Eindecker ya mtundu wa E.II ya muyeso wa 1/72 (yochepa ka 72 poyerekeza ndi yeniyeni) mu 2016, zidutswa zake n'zochepa ndipo mtengo wake ndi wotsika. Kumata pulasitikiyo ndi ntchito ya madzulo awiri, koma mawaya adzakudyerani nthawi yoposa pamenepo.

Camel ndimaikonda, ndipo sindibisa. Idauluka koyamba mu Disembala 1916, nkuyamba kumenya nkhondo pakati pa 1917, ndipo adapanga zoposa 5,000. Dzina lake lidachokera ku kalinunda kophimba mfuti ziwiri za Vickers kutsogolo kwa woyendetsa. Injini, mfuti, mafuta ndi munthu, zonse zidapanikizana kutsogolo, n'chifukwa chake imaoneka yaifupi ndi yojintcha. Patebulo, mavuto ake ali patatu. Phiko lapamwamba limakhala pa timizati tisanu ndi titatu tosiyana, tinayi pathunthu ndi tinayi kumapiko, ndipo tonse tiyenera kulowa m'mabowo ake nthawi imodzi guluu asanaume. Chachiwiri, phiko lapamwamba ndi lowongoka pomwe lapansi limakwera chakunsonga, ndiye mukalakwitsa kakweredwe kameneko timizati takunja timaperewera kapena kupindika. Chachitatu ndi mawaya: ena amayenda awiriawiri moyandikana, ndipo kuti awiriwo akhale olingana kuyambira pansi mpaka pamwamba pamafunika kuleza mtima kwenikweni. Amene wamangapo ndege ina ya mapiko awiri adzasangalala nayo. Amene sanamangepo, Camel imugwetsa mphwayi pa tsiku loika phiko lapamwamba.

Tsono Dr.I. Mapiko ake adamangidwa okhuthala, okhala ndi mtanda wolimba wamatabwa mkati, moti sankadalira mawaya akunja kuti asagwe. Pa kandege kanu zimenezi zikutanthauza kuti mawaya akuluakulu ndi anayi okha: awiri opingasana pansi pa phiko lapamwamba kutsogolo kwa woyendetsa, ndi awiri opingasana pakati pa miyendo. Otsalawo ndi timawaya tatifupi towongolera mchira ndi tizitseko ta phiko lapamwamba. Phiko lapansi ndi lapakati amakhazikika pathunthu penipeni, ndipo kumbali iliyonse kuli mzati umodzi wophwatalala m'malo mwa timitengo tiwiri. Mukamata awiri oyambawo molunjika, lachitatu limangotsatira.

Pali chinthu china chimene Dr.I imapambanira, makamaka kwa ife amene tilibe makina opopera penti. Kufakitale ankaipaka penti yobiriwira modera ndi burashi yaikulu pamwamba pa nsalu, penti nkumachepa m'burashimo mpaka aviikenso, ndipo zotsatira zake zidali mizeremizere, pena yakuda pena yowala. Kunsi kwake kudali kwa buluu wowala. Mizere ya burashi imene pa ndege zina ndi cholakwa, pano ndiyo maonekedwe ake enieni. Yambani ndi utoto wa nsalu yoyererako, uume bwino, kenako tengani burashi yophwatalala yokhala ndi penti pang'ono nkumakoka mbali imodzi: pathunthu motsetsereka kuchokera pamwamba, pamapiko mopendekera pang'ono. Camel imafuna utoto umodzi wosalala wotchedwa PC10, wapakati pa khaki ndi wobiriwira, ndipo kusalaza malo aakulu chotero ndi burashi n'kovuta kuposa kujambula mizere.

Ambiri amagula Dr.I chifukwa cha yofiira ya Manfred von Richthofen, woyendetsa ndege wotchuka wa ku Germany, ya nambala 425/17, imene adafera pa 21 Epulo 1918 pafupi ndi mtsinje wa Somme ku France akuthamangitsa Camel. Ngati ndi imeneyo mukufuna, yang'anani mitanda yake, zizindikiro za ndege za Ajeremani, musanamate. Chakumapeto kwa Malichi ndi mu Epulo 1918 Ajeremani adasintha mtanda wa nsonga zotambasuka nkuyamba kugwiritsa ntchito wowongoka, ndiye ndege yomweyo ili ndi maonekedwe awiri malinga ndi tsiku limene mwasankha. Ine ndikadakulangizani ya mizeremizere ija. Mwa ndege 320 zimene zidapangidwa, zambiri zinkaoneka choncho, ndipo kufiira kokhakokha kumameza tinthiti ta mapiko timene timakongoletsa kandegeka.

Mukasankha ndege, funso lotsatira ndi muyeso, ndipo apa manambala amathandiza. Dr.I yeniyeni idali mamita 7.19 kuchokera nsonga ina ya phiko kufika inzake. Pa 1/72 imakhala masentimita 10, pa 1/48 masentimita 15, pa 1/32 pafupifupi 22 ndi theka. Camel, ya mamita 8.53, imakhala pafupifupi 12, 18 ndi 27. Anthu amaganiza kuti yaing'ono ndiyo ya ongoyamba, poti ndi yotsika mtengo. Pa ndege za nkhondo yachiwiri zimenezo zikhoza kukhala zoona, koma pa izi timizati ta 1/72 timakhala ngati timitengo ta machesi tosengedwa, ndipo timathyoka mukamatidula pa felemu ya pulasitiki imene zidutswa zimabwera zili pamenepo. Ya 1/32 ndi yokoma kumanga, chilichonse chimagwirika ndi zala, koma kukula kwakeko kumaonetsa chilichonse chimene mwasiya, kuyambira malamba a pampando mpaka timawaya ta pa injini. Kwa ine 1/48 ndiye pabwino: maso amaona, zala zimagwira, ndipo pashelefu imatenga malo a chikhatho chimodzi.

Pa 1/48 dzina loyamba kulitchula ndi kampani ya Eduard ya ku Czech Republic, ndipo amagulitsa pulasitiki yomweyo m'mabokosi amitundu iwiri. La ProfiPACK limabwera ndi kachitsulo kopyapyala kodulidwa tizidutswa, timapepala tophimbira popenta, ndi ma decal (zizindikiro zomata) a ndege zingapo. La Weekend lili ndi pulasitiki ndi ma decal basi, n'chifukwa chake ndi lotsikirapo mtengo. Kusiyana kumene kumaoneka kwambiri kuli pa mfuti. Mfuti za Spandau za pa Dr.I zidali ndi chikuto chamabowomabowo choziziritsira, ndipo mu ProfiPACK chikutocho ndi kachitsulo kamene mumakakulunga nokha pa kamsomali kuti kakhale kozungulira. Kakakhala bwino, kuwala kumadutsa m'mabowomo, ndipo poti mfutizo zili pamwamba penipeni, aliyense amaziona. Koma kachitsuloko sikamatika ndi guluu wa pulasitiki, kamafuna supagulu, ndipo kakapindika molakwika kamavuta kukawongola. Ndege yoyamba, tengani Weekend. Yachiwiri, ProfiPACK.

Makampani enawo ndingowatchula mwachangu. Revell ili ndi Dr.I ya 1/72 yabwino kwa wofuna kuyesa ndi ndalama zochepa, ilinso ndi ya 1/28 imene chikombole chake n'cha m'ma 1950, yaikulu ndi ya zidutswa zochepa, yoyenera kumanga ndi mwana. Pa 1/32 pali Roden ya ku Ukraine ndi Meng imene idatulutsa yake mu 2020. Wingnut Wings ya ku New Zealand idapanga Camel ndi Eindecker zapamwamba kwambiri pa 1/32, koma idatseka mu 2020 Dr.I isanaitulutse, ndipo mabokosi ake tsopano amapezeka kwa ogulitsa zakale pa mitengo yokwera.

Ngakhale mawaya anayi aja amafuna kusankha njira. Ena amatenthetsa chidutswa cha felemu ya pulasitiki pa kandulo nkuchikoka mpaka chikhale ngati tsitsi, nkumadula ndi kumata. Sizilira ndalama, koma zimathyoka mukangozikhudza popukuta fumbi. Ena amagula ulusi wotanuka wa EZ Line, umene umakhala wokungika nthawi zonse ndipo suduka msanga mukaugunda, ngakhale suwonjezera mphamvu pa mapiko. Njira imene ndimaikhulupirira ndi chingwe chowedzera nsomba chopyapyala kwambiri. Mumaboola timabowo ndi kaboolero ka mamilimita 0.3 musanamate mapiko, mumamata mbali imodzi ndi kadontho ka supagulu, mumakoka mbali inayo nkumatanso. Chikalendewera, yandikitsani kamtengo ka machesi kongozimitsa kumene, osakhudzitsa, ndipo chimadzikunga chokha. Chingwe chimenechi chimagwiradi mapiko monga mawaya enieni ankachitira, ndipo pa Camel phindu lake limaoneka msanga. Chilinso ndi ubwino woti simudikira phukusi lakunja. Kunena za maphukusi, ngati mukuitanitsa bokosi kuchokera ku South Africa kapena ku Britain, funsani kaye za guluu ndi penti ya mafuta, chifukwa zinthu zoyaka msanga nthawi zambiri sazilola kuyenda pa ndege. Penti yosungunulira ndi madzi simavuta chotero.

Ndiye ndondomeko imene ndingapereke kwa mnzanga ndi iyi: Dr.I ya 1/48 ya bokosi la Weekend, ya mizeremizere, ndi chingwe cha mbedza. Ikatha, Eindecker, kuti dzanja lizolowere kukunga mawaya pamalo pamene zala zimafika mosavuta, popanda phiko lapamwamba lotchinga. Camel ibwere pachitatu, ndipo musanaike phiko lake lapamwamba dulani katoni yolimba mupange kachikhazikitso kogwira mapiko onse awiri pamalo ake, mumate timizati tinayi ta pathunthu, tigone usiku wonse, takunja tinayi mudzalowetse mawa lake.