13600K kapena 7700X? Ine ndinapsa kale, tamverani

Mwezi uno wokha anthu atatu andifunsa chinthu chimodzimodzi pa WhatsApp, eti pa ma CPU (ubongo wa kompyuta) ndigule Intel i5-13600K kapena Ryzen 7 7700X ya AMD, ndiye ndati ndilembe kamodzi basi ndizingotumiza link. Zonse ziwiri zili pakhomo pano. 13600K ndi yanga, ndimaeditira mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe, 7700X ndi ya mng'ono wanga koma ndinamumangira ndine. Za ma core ndi ma GHz mukuzidziwa kale, sindibwereza.

Mukangoyatsa osagwira chilichonse mu BIOS (menyu ya masetingi a bodi, kutanthauza motherboard), pa kutulutsa vidiyo 13600K imamaliza msanga, apa sindinganame, ma E-core ake 8, ma core aang'ono othandizira, amagwiradi ntchito. Pa magemu ndi ndendende, simungasiyanitse ndi maso. Koma musakhulupirire manambala a magetsi omwe amalemba. Intel amati 125W koma ikakoka zenizeni imafika 181W, ndipo mabodi ambiri ankabwera atachotseratu malire aja. AMD nayo amati 105W pomwe imaloledwa kukoka mpaka 142W, komanso 7700X imathamangira dala ku 95°C. Tsiku loyamba mng'ono wanga anandiimbira ali ndi mantha, akuti achimwene chinthu chija chikupsa, pomwe AMD eni ake ananena kuti anaipanga kuti izitero.

Tsopano overclock, kukweza liwiro la CPU kuposa mmene inabwerera, apa ndi pomwe panandiwawa. Munthu amene anandigulitsa 13600K, sindimutchula, anandiuza mokoma kuti abwana tengani ya K, ndi yotsegula, liwiro mumawonjezera nokha mmene mukufunira. Anandiphatikizira bodi ya B660 nkundiuza kuti zikugwirizana bwinobwino. Kugwirizana zinagwirizanadi, kompyuta inayaka. Koma nditalowa mu BIOS kuti ndikweze multiplier, nambala yokwezera liwiro, palibe. Ndinakhala usiku wonse ndikufufuza ndikuganiza kuti mwina ndine mbuli, kenako nkudzazindikira kuti kwa Intel overclock ya CPU imafuna bodi ya Z, kaya Z690 kaya Z790, ya B imangokulolani kukweza RAM basi. Ndiye kuti ndalama ya chilembo K ija ndinangotaya. Komanso mubokosi munalibe cooler, zimenezonso sanandiuze, ndinabwereranso m'tauni tsiku lomwelo.

Mtima wa kusafuna kugonja, ndinadikira miyezi nkuitanitsa bodi ya Z690 kudzera kwa mnzanga wa ku Johannesburg. Ndinakankha ma P-core, ma core akuluakulu, kuchoka pa 5.1 kufika pa 5.3 GHz. Phindu lake? Vidiyo imatha msanga ndi timasekondi toti ukapita kukatunga madzi akumwa sungadziwe nkomwe. Pomwe fani ikulira ngati chigayo, chipinda chotentha mu Okutobala mpaka kuvula malaya, ndipo tsiku lina inangouma pakati pa render ya ukwati, mwini wake atakhala pabalaza akudikira flash yake. Vuto linali langa, voltage ndinaiika mongoganizira, koma manyazi ake aja sindidzaiwala. Ndinabweza zonse usiku womwewo.

Kwa AMD nkhaniyi kulibe, bodi wamba ya B650 imakulolani kale, muli PBO ndi Curve Optimizer, masetingi a AMD okwezera liwiro ndi kusintha voltage. Nakonso musayembekezere zodabwitsa, ma CPU a masiku ano amabwera atakankhidwa kale pafupi ndi mapeto, koma bola sunalipire kawiri kuti udziwe zimenezo. Msampha wa AMD uli pena: 7700X imafuna DDR5 basi, RAM yanu yakale ya DDR4 siilowa, ndipo nayonso ilibe cooler mubokosi.

Chomwe ndimayang'ana tsopano ndi mmene chinthu chimachitira ukachimana magetsi, chifukwa kwathu kuno akathima timadalira inveta ndi batire. Pa 7700X ndinangosankha Eco Mode ya 65W, yomwe imaitsekera pa 88W, kutentha kunatsikiratu, fani inakhala chete, ndipo mng'ono wanga pa magemu ake sanaone kusiyana kulikonse. Mwina mpaka pano sakudziwa kuti ndinasintha. Kwa Intel zimathekanso, umalemba wekha malire a magetsi otchedwa PL1 ndi PL2, ngakhale pa bodi ya B, ndipo yanga ndinaitsekera pa 125W ikuyenda bwino, kungoti umayenera kudziwa chomwe ukugwira. Chimodzi ndiwapatse a Intel: kompyuta ikangokhala osachita kanthu, kapena ukungolemba mu Word, imadya magetsi ochepa kuposa Ryzen. Amene mumaisiya yoyaka tsiku lonse mukuwerengera maunitsi, muganizirepo.

Pali inanso ya 2024. Mu Julaye Intel anavomera kuti voltage yokwera ikuwononga ma CPU ena a 13th ndi 14th gen, anatulutsa microcode (update ya CPU yobwera kudzera mu BIOS) 0x129 mu Ogasiti, 0x12B mu Seputembala, nkuwonjezera waranti ndi zaka ziwiri. Zinkamveka kwambiri pa i9 ndi i7 koma 13600K ili pa mndandanda, ndipo CPU ikawonongeka kale update siichiza. Yanga ili bwino, koma tangoganizani kubweza katundu amene anabwera m'chikwama cha mnzako pa basi. Amene muli nayo pangani update ya BIOS, koma mutalumikiza pa inveta, asakuthimireni pakati.

Ndiye mukandifunsa ine ndikuti AMD, ndipo ndikudziwa kuti mkwiyo wa bodi ija ulimo. Kunena zoona ndingatenge Ryzen 7 7700 yopanda X, inatuluka mu Januwale 2023, ndi ya 65W kale ndipo itatuluka cooler inkabwera mubokosi. AM5, soketi ya pa bodi yolowetsamo ma Ryzen amenewa, AMD anati aisamala mpaka 2027 kapena kupitirira, pomwe LGA1700, soketi ya 13600K, inathera pa 14th gen. Ngati muli ndi DDR4 yambiri kale ndipo ntchito yanu ndi mavidiyo, tengani 13600K ndi bodi ya B ya DDR4, muitsekere magetsi, za overclock muiwale. B660 yanga ija ikadali mukabati ndi bokosi lake, amene akuifuna andipeze ku inbox.